Tsiku limene ndinaimitsa opaleshoni ya mlongo wanga

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake amayi a Tendai, mkazi wa malemu mlongo wanga, saponda pakhomo pathu kuno ku Gweru, ngakhale pa ukwati kapena pa maliro. Ndinkakuyankhani kuti imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu. Tsopano nonse ndinu akuluakulu, ine ndinapuma pa ntchito, ndipo manja ayamba kunjenjemera. Ndilembe ndikadakumbukira. Za ubwana wanga m'komboni ndinakufotokozerani kale pakamwa, ndiye ndiyambira pa ntchito.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pachipatala cha mgodi m'tauni imene ndinabadwira. Bambo anga, agogo anu, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndipo anagwira ntchito ya pansi mpaka chifuwa chinawakana. Tsiku limene ndinavala yunifomu koyamba anaima pakhomo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Mushe siteleki." Chimenecho ndi Chilapalapa, chinenero cha mumgodi, kutanthauza kuti zabwino kwambiri. Kenako anabwerera m'nyumba kukakhosomola.

Anandiika kuwodi ya amuna, kumapeto kwenikweni, komwe kunkagona odwala TB ya msana. Matendawa amadya mafupa a msana pang'onopang'ono ngati chiswe. Mafupawo akaphwanyika, munthu amatuluka linunda, mafinya amapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, miyendo n'kuyamba kufa. Masiku amenewo ambiri tinkangowagoneka m'pulasitala kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, n'kumawapatsa mankhwala miyezi yambirimbiri. Ntchito yathu inali kuwatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwapaka mafuta kuti asatuluke zilonda. Ena ankadzuka n'kuyenda. Ena ankatuluka pa njinga ya olumala kupita kukomboni komwe kampani inali itawalanda kale nyumba.

Patatha zaka ziwiri anandisamutsira kuthiyeta, chipinda cha opaleshoni. Mkulu wa kumeneko anali Sisita Dube, mayi wa Chindebele, wamtali, wosakonda kuseka. Sankakalipa. Ukalakwitsa ankangokuyang'ana mpaka uzindikire wekha. Sabata yoyamba sanandilole kukhudza wodwala. Anandiika pa otokilevu, makina ophika zipangizo ndi nthunzi kuti tizilombo tonse tife. Tinkakulunga zipangizo mu nsalu zobiriwira, kunja n'kumata tepi, m'kati n'kuikamo kapepala kakang'ono. Zikapsa bwino, mizere ya pa tepi imada, kapepalako nakonso kamada.

Tsiku lina ndinawapatsa phukusi nditangoona tepi ya kunja. Anandifunsa kuti, "Wakaona ka m'kati?"

"Tepi yada, Sisita."

"Tepi ikukuuza kuti phukusi linalowa pamoto. Ka m'kati ndi kamene kamakuuza kuti nthunzi inafika pakati. Dokotala sakaona kameneko. Wodwala sakaona. Umakaona ndi iwe wekha, mntanami, mwana wanga."

Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi, koma atapuma ananena kwa akuluakulu kuti makiyi a thiyeta apatsidwe kwa ine.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Nthawi imeneyi ndi imene kunayamba kubwera Dokotala Ncube, katswiri wa mafupa. Ankachokera kumzinda kamodzi pamwezi pagalimoto yawo, zipangizo zili kumbuyo. Anali munthu wofatsa, wa manja ang'onoang'ono, ndipo ankaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi akamasoka. Ndi iwo amene anandionetsa kuti msana umatheka kuufika podzera kutsogolo. Tinkamugoneka wodwala chammbali, iwo n'kung'amba pakati pa nthiti, kuchotsa nthiti imodzi, kukankhira phapo pambali, n'kufika pafupa lodwalalo. Ankachotsa mafinya ndi fupa lowola mpaka mtsempha utamasuka. Kenako ankadula nthiti ija n'kuiika pamalo opanda kanthuwo ngati mzati. Opaleshoni imodzi inkatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ine nditaima pambali pawo, kuwapatsira chida asanachitchule.

Anandipatsanso ntchito ina. Ankafuna kudziwa kuti odwala awo akukhala bwanji patapita zaka, ndiye ine ndinkawaitanitsa kuti adzajambulidwe. Dokotala ankaika zithunzi pawindo, n'kuyeza ndi pensulo ngati linunda lakula kapena laima pomwepo. Ndinayenda m'makomboni ambiri kufunafuna anthu amenewa. Ena ndinkawapeza akulima, ena ndinkapeza manda.

Madala ambiri a ku Malawi ndi ku Mozambiki sankamva bwino Chingerezi, ndipo nkhani ya mpeni sankafuna kuimva m'Chishona. Ndinkawamasulira ine. Ndikukumbukira mkulu wina wa ku Angoniya amene anamvetsera zonse, kenako anandifunsa kuti, "Mwana wanga, nthiti yangayo akaichotsa apita nayo kuti?"

"Sapita nayo kulikonse, agogo. Aiika mumsana mwanu momwemo."

"Ndiye kuti tsiku loikidwa m'manda ndidzakhala wathunthu?"

"Wathunthu."

"Auzeni adule."

Mkulu ameneyo anayenda. Zaka zimenezo ndi zimene ndinasangalala nayo ntchito kuposa zina zonse.

Zaka za m'ma 1990

Migodi inayamba kuchotsa anthu. Chipatala chathu chinachepetsedwa, thiyeta n'kutsekedwa, ndipo ine ndinapeza malo pachipatala china m'tauni ina ya migodi. Inu mukukumbukira ulendo umenewo, tinakwera lole pamodzi ndi mipando. Bambo anu anamwalira tili kumeneko. Dokotala Ncube anapitiriza kubwera, ngakhale tsopano ankabwera patalipatali. Njira zinasinthanso. Anayamba kulowera kumbuyo, kumanga mafupa ndi masikuluwu ndi tizitsulo tiwiri, kuti wodwala adzuke msanga m'malo mogona miyezi. Ndinaphunzira zida zatsopano ndili ndi imvi kale.

Mlongo wanga Layisoni, amene inu munkamuitana kuti Sekuru, amalume m'Chishona, anali m'gulu la ochotsedwa. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinamubereka kumbuyo ine. Anzake a Chishona atachotsedwa anapita kumidzi kwawo. Ife tinalibe mudzi. Ku Ntcheu sankatidziwa, kuno ankatitcha Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Layisoni anatenga mkazi wake, amayi a Tendai, mkazi wa ku Lower Gweru, n'kupita ku Lalapanzi kukakumba miyala ya kuromu ndi piki m'maenje ang'onoang'ono. Ankabwera pa Khirisimasi atanyamula nkhuku, akuseka, fumbi lili m'makwinya a m'khosi ngakhale atasamba. Ndinkamuuza kuti chifuwa chakecho akapimitse. Ankati, "Achemwali, inu mukaona munthu mumaona matenda basi."

Chaka cha 2008

Simukufunika kuti ndikuuzeni za chaka chimenecho, munachiona ndi maso anu. Ndinena za kuntchito zokha. Malipiro a mwezi sankakwana basi yopita kuntchitoko, ndiye ndinkayenda wapansi. Anamwino a kuthiyeta tinalipo asanu ndi mmodzi, ena anapita ku Botswana, ena ku Joni, ndinatsala ndekha. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika. Ulusi wosokera tinkauza abale kuti akagule okha. Magetsi ankabwera mwa apo ndi apo. Otokilevu inali yokalamba, mphira wa pachitseko unkatulutsa nthunzi, ndipo ndinalemba makalata atatu opempha watsopano.

M'nyengo yozizira amayi a Tendai anabwera naye Layisoni pa lole ya miyala. Anali atawonda, msana ukumupweteka kwa miyezi, ndipo anali atayamba kupunthwa poyenda. Nditamuvula malaya ndinaona kalinunda pakati pa msana. Sindinafunikire chithunzi. Tinamuyambitsa mankhwala a TB, amenewo mwamwayi analipo. Koma miyendo inkapitabe. Sabata yoyamba ankayenda atagwira khoma. Yachitatu ankangokweza mwendo pabedi. Yachisanu ankangogwedeza zala za kumapazi. M'mawa uliwonse ndisanapite kuthiyeta ndinkadutsa kuwodi, n'kumuuza kuti, "Gwedeza." Iye ankagwedeza n'kunena kuti, "Zikadalipo, achemwali."

Ndinawaimbira Dokotala Ncube. Anali atakalamba, ndipo chipatala chawo kumzindako chinali pafupi kutsekeka. Anati, "Sisita Phiri, kwa wina aliyense ndikanakana, mafuta kulibe. Ndibwera Lachinayi. Ndibwera ndi wogonetsa odwala, masikuluwu ndili nawo omaliza. Koma tiyenera kubwerera tsiku lomwelo." Amayi a Tendai anagulitsa mbuzi zawo zonse zitatu kuti tipeze dizilo wa jenereta, wokwana maola anayi kapena asanu. Zida za dokotala zinatsogola Lachitatu pa basi, ndipo masana a tsiku lomwelo magetsi atabwera ndinaphika mapukusi onse. Tepi inada bwinobwino. Magetsi anazimanso chakumadzulo.

Lamulo silimalola namwino kugwira pa opaleshoni ya m'bale wake. Koma panalibe wina. Lachinayi m'mawa anamubweretsa Layisoni pamachira, n'kumuimika pakhomo pa thiyeta. Anandiona nditavala chophimba kumaso, n'kuseka. Anati, "Lero ndiona ntchito imene mumanyadira ija."

"Suona kanthu, ukhala uli m'tulo."

Ndinalowa, ndinasamba m'manja, ndinavala magolovesi. Dokotala anali kubeseni akusamba, akuimba chapansipansi. Wogonetsa uja ankakonza mankhwala ake atandifulatira. Ndinatsegula phukusi lalikulu, la masikuluwu ndi tizitsulo. Kapepala ka m'kati kanali kotuwa, monga momwe ndinakaikira.

Ndinatsegula lachiwiri. Chimodzimodzi.

Ana anga, ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani yonse. Palibe amene anaona. Kapepalako kanali m'dzanja langa, kakang'ono ngati tikiti ya basi. Ndikanatha kukafinya n'kukaponya mu ndowa. Ndinkadziwa kuti mwina zidazo zinali zoyera ndithu, chifukwa zinatentha ngakhale nthunzi sinakwane. Ndinkadziwanso za bambo wina wa ku Gokwe, zaka zingapo m'mbuyomo, amene anabwera kwa ife atachitidwa opaleshoni kwina, bala litaola mpaka pa zitsulo. Tinamutsegula katatu. Tizilombo tikakhala pa chitsulo m'kati mwa fupa sitimva mankhwala, ndipo chaka chimenecho mankhwala amphamvuwo tinalibe n'komwe. Anafa akukuwa. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za bamboyo, ndikuganizanso za zala za Layisoni. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinamva mpopi ukutsekedwa.

Ndinati, "Dokotala, bwerani muone."

Anabwera manja ali m'mwamba, madzi akudontha m'zigongono. Anayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana ine. Nyimbo ija inatha.

"Onse?"

"Awiri ndatsegula. Anaphikidwa limodzi onse."

Tinayesa zonse zimene tikanatha. Jenereta inali yaing'ono, sikanatha kuyendetsa otokilevu. Tinadikira magetsi mpaka masana, sanabwere. Tinaimbira chipatala chapafupi, anati yawo inafa kalekale. Ndinafunsa ngati tingawiritse zidazo pamoto wa nkhuni monga ankachitira akale. Dokotala anapukusa mutu. "Mpeni ndingawiritse. Koma chitsulo chokakhala mumsana moyo wake wonse, ayi. Inunso mukudziwa, Sisita." Ndinkadziwa. Cha m'ma 3 koloko anavula gauni. Anati abweranso pakatha sabata ziwiri, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona.

Ndinapita ndekha kukamuuza Layisoni, amene anali atagona pamachira paja tsiku lonse osadya. Ndinati, "Magetsi atikaniza." Anatseka maso, n'kunena kuti, "Chabwino. Ndipatseni madzi."

Sabata ziwiri zitakwana wogonetsa uja anali atapita ku Namibia. Kenako chipatala cha kumzinda chinatseka zitseko. Kenako kunabwera kolera, ndipo aliyense wotsala anatumizidwa kumatenti a odwala kolerawo. Mphira wa otokilevu unafika mu Novembala. M'mawa wina m'mwezi wa Seputembala ndinali nditadutsa kale kuwodi n'kunena kuti, "Gwedeza." Layisoni anayang'ana kudenga, thukuta likutuluka pamphumi. Anafunsa kuti, "Zagwedezeka?" Sizinagwedezeke.

Kumayambiriro kwa 2009

Ndinamutengera kunyumba kwathu. Inu munamupatsa chipinda chanu n'kumagona pabalaza. Ine ndi amayi a Tendai tinkasinthana kumutembenuza maola awiri alionse, monga ndinkachitira ndili mtsikana. Dokotala Ncube anabwera kudzamuona mu Januwale, anamupima ndi singano kuyambira kumapazi mpaka pamchombo, ndipo panja anandiuza kuti mtsempha unafa, opaleshoni singabwezenso kanthu. Zilonda zinayamba m'chiuno ngakhale tinkayesetsa. Kapaipi ka mkodzo tinkagwiritsa kamodzi komweko, kuwiritsa n'kubwezera.

Amayi a Tendai anamva nkhani ya kapepala kwa mayi wina wokolopa kuchipatala. Anandipeza ndikuchapa nsalu kuseri kwa nyumba. Sanakuwe. Anati, "Tete, ichokwadi here? Ndi zoona kodi, alamu? Akuti magetsi sanali vuto. Akuti dokotala anali atasamba kale, munamuletsa ndi inu."

"Ndi zoona. Zida sizinapse."

"Munaona tizilombo ndi maso anu?"

"Ayi."

"Ndiye kuti mwina munalibe."

"Mwina munalibe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mukanakhala chete, bwenzi akuyenda." Zimenezo zikhoza kukhala zoona.

Tsiku lomwelo masana ndinalowa kwa Layisoni n'kukhala pamphepete pa bedi. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa mphira mpaka pa kapepala, ndiponso kuti palibe wina anaona, kuti ndikanatha kubisa. Anamvetsera akuyang'ana pawindo. Kenako anafunsa kuti, "Akanakhala munthu wina, wosamudziwa, mukanatani?"

"Ndikananena."

"Mwachangu?"

"Mwachangu. Kwa iwe ndinachedwa."

Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumutsamwitsa. Atapuma anati, "Mumgodi munali mdala wina wogogoda denga ndi chitsulo tisanalowe. Akati pasopa, chenjerani, lero simulowa, tinkamutukwana chifukwa tsikulo bonasi yapita. Denga lina linkagwa, lina silinkagwa mpaka lero." Anayang'ananso pawindo. Ndinkadikira kuti anene kuti wandikhululukira, kapena kuti sadzandikhululukira. Sananene chilichonse mwa ziwirizi. Anati, "Bodza la magetsi lija ndi limene landiwawa, achemwali. Nditembenuzeni, phewa latopa."

Ndinamutembenuza. Sitinakambiranenso nkhaniyi. Anamwalira mu Epulo, zilonda zitalowa m'magazi, ali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu zinayi. Tinamuika ku Lalapanzi, pafupi ndi maenje ake, chifukwa ndi kumene mkazi wake anafuna. Pamaliro amayi a Tendai anandipatsa moni wa m'manja monga amachitira kwa mlendo, ndipo kuyambira pamenepo sitinakhalepo pamphasa imodzi.

Zaka zotsatira

Ndinagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi. Zinthu zinayambanso kupezeka, kunabwera madokotala achinyamata okhala ndi makina oonera fupa opaleshoni ili m'kati, ndipo ndinaona anthu odwala ngati Layisoni akutuluka ndi miyendo yawo patatha sabata ziwiri. Ndinkasangalala nawo, kenako ndinkapita kuchipinda chosinthira zovala kukakhala ndekha pang'ono. Dokotala Ncube anamwalira ndisanapume. Ulendo womaliza umene tinaonana ndinawafunsa ngati zikanatheka kuti Layisoni achire tikanapitiriza tsiku lija. Anati, "Zikanatheka. Zikanathekanso kuti timuike m'manda mwezi womwewo. Palibe chithunzi chimene chingatiuze." Anthu a kutchalitchi amandiuza kuti ndinachita bwino. Sindiwatsutsa, koma si iwo amene ankati gwedeza m'mawa uliwonse.

Inunso ndinakuuzani bodza lomwelo la magetsi, ndipo mwakula mukuganiza kuti amayi a Tendai ndi munthu wovuta. Si wovuta. Anagulitsa mbuzi zake zonse, anatembenuza mwamuna wake miyezi isanu ndi iwiri osadandaula, analera Tendai yekha pogulitsa tomato pamsewu. Ndamva kuti maso akumuvuta tsopano. Mupite ku Lalapanzi mukamuone, mutenge shuga ndi mafuta ophikira, musadikire maliro. Akayamba kunena za ine, mumusiye anene mpaka amalize. Musanditeteze.